A Mans Morsink Apita ku Chikamwini

A Mans a pa nyumba ya Morsink anabadwa achiwiri mwa ana aamuna atatu, ndipo kuno ku Twente, dera lathu la alimi, mawu amenewa okha amalongosola theka la moyo wa munthu. Malo sagawidwa. Nyumba, minda, ng'ombe ndi mitengo yonse yozungulira bwalo zinayembekezera mwana woyamba, a Dieks, amene anakwatira a Trui nawabweretsa pansi pa denga lomwelo makolo akadali moyo. Wotsiriza, a Herm, atangoyamba kumera ndevu anakwera njinga napita ku Enschede kukaluka nsalu m'fakitale. Kumeneko ankagona kwa mayi wina wosunga amuna a ntchito, ndipo bedi lawo silinkazizira, pakuti iwo akadzuka m'mawa, mnzawo wochokera ku ntchito ya usiku ankalowamo. Msuweni wawo wina anasamukira ku minda yatsopano imene inaumitsidwa m'nyanja, kumene mwamuna amakhala ndi mkazi wake ndi ana ake okha, m'nyumba mopanda nkhalamba ngakhale imodzi. A Trui atamva zimenezo anagwira pakamwa. "Kalanga ine! Nanga zochita amawauza ndani?"

A Mans anatsala pakhomo. Njira imeneyinso inali yolemekezeka ndithu. Mwana wamwamuna wosakwatira ali ndi mpando wake pa tebulo la nyumba imene anabadwiramo kufikira tsiku la imfa yake, malinga agwire ntchito, ndiponso asabweretse mkazi. Ntchito ya a Mans inali akavalo. Iwo ndiwo ankawadyetsa, kuwapesa, kupaka mafuta malamba awo ndi kulima nawo, ndipo panalibe wina, ngakhale a Dieks eni nyumba, amene ankalowa m'khola la akavalo osayamba wafunsa. Anali munthu wamfupi, wa mawu aakulu, wosachedwa kutengeka mtima. Akakondwa ankavula chipewa, kuchiyang'ana m'kati ngati muli uthenga, n'kuchivalanso.

Zaka zinapita. Ana a a Dieks anakula akuwaitana kuti bambo aang'ono. A Mans anapitirira zaka makumi anayi, imvi zinayamba kutuluka m'mbali mwa makutu, ndipo anthu onse anali atawawerengera kale m'gulu la amuna aja oima kumbuyo m'tchalitchi, pafupi ndi chitseko, amene amanong'onezana mitengo ya ng'ombe ulaliki ukatalika.

Tsono chaka china, nkhondo itatha kale ndipo udzu wa ziweto utalowa m'nkhokwe, a Dieks anagulitsa ng'ombe yaing'ono yaikazi kwa a Leida, mayi wamasiye wa pa nyumba ya Bekhuis, tsidya lina la mtsinje. Anatuma a Mans kuti akaipereke. A Mans anaikoka pa chingwe mpaka pakhomo, anaimangirira m'khola, ndipo anali atatembenuka kale pamene a Leida anawaitana.

"A Morsink, mukuthamangira kuti? Akavalo anu sathawa. Khofi ali pa chitofu."

Anawapatsa khofi, buledi wakuda ndi nyama ya nkhumba yofutsa. A Leida anali mayi wamtali, wa manja olimba, woseka ndi maso pakamwa pali duu. Anafunsa za kudya kwa ng'ombeyo, ndipo a Mans anayankha kwa nthawi yaitali kuposa mmene funsolo linkafunira. Potsazikana mayiyo anati, "Mudzabwere Lamulungu lina mudzaione ngati yazolowera."

Anapitadi Lamulungu lotsatira, atameta ndevu kawiri. Anapitanso lina, ndi linanso. Njinga yawo, imene inkangodziwa njira ya ku tchalitchi ndi ya ku msika wa ku Ootmarsum, tsopano inkawoloka mlatho ngati ili ndi mapiko.

"Alamu," anatero a Trui pa chakudya, akugawa mbatata, "ng'ombe ija idakali yosazolowera? Ng'ombe yanji yovuta chonchi? Kapena tiitane adokotala a ziweto?"

Tebulo lonse linaphulika ndi phwete. A Mans anafiira mpaka m'khosi, anavula chipewa cha m'maganizo popeza chenichenicho chinali pa msomali, ndipo anameza mbatata yotentha yosatafuna.

Tiyenera kunena tsopano za anthu a pa nyumba ya Bekhuis. Panali a Leida ndi ana awo aakazi awiri, ndiponso panali a Naats, mng'ono wa malemu mwamuna wawo. A Naats anali wosakwatira wa pa nyumba imeneyo monga mmene a Mans analili wa pa Morsink. Anali munthu woonda, wa zaka zoposa makumi asanu, wosakonda kulankhula, ndipo kaliwo sankachoka pakamwa pawo. Nkhumba, nkhuni ndi njuchi zinali m'manja mwawo chiyambire unyamata. A Mans akafika, a Naats ankangokweza kaliwo pang'ono, imeneyo ndiyo inali moni.

Maapozi atayamba kugwa, a Mans analimba mtima. Anapeza a Leida akutola zipatsozo kuseri kwa nyumba, anagwira dengu mbali imodzi, ndipo ananena mawu ofunsira ukwati amene anawaloweza pa njinga, ngakhale kuti anatuluka mosinthana malo. A Leida anawalola kuti amalize.

"Ine ndakondwa nazo, a Mans, sindibisa," anatero. "Nyumba ino ikufuna mwamuna wolima, ndipo inenso, tinene zoona, ndatopa kulankhula ndi kaliwo. Aneba anayesapo kunena kuti ndingokwatiwa ndi alamu angawo. A Naats atamva, anakabisala kwa nkhumba tsiku lonse, mpaka ndinawapititsira chakudya komweko. Koma mumve bwino. Ine ndine wobwera pa nyumba ino. A Naats anabadwira m'bedi lija la pafupi ndi chitofu. Iwo akavomera, ndavomera. Akakana, ndakana, ndipo sindidzawakakamiza."

Mwa mawu onsewa, makutu a a Mans anasunga oyamba okha aja. Anapalasa njinga kubwerera kwawo akuimba nyimbo ya Pasaka m'nyengo yosakhala yake, anagwera m'ngalande kamodzi, anadzuka akuseka, ndipo anafika pa tebulo matope ali m'mawondo.

"Achimwene! Alamu! Ine ndikukwatira! Pasaka ikangopita, mpando uwu mupatse wina!"

A Dieks anaika supuni pansi pang'onopang'ono. Mwana wawo woyamba, Bertus, anali mnyamata wamkulu kale, wa chibwenzi cha zaka zambiri, ndipo chimene chinkaletsa ukwati wake chinali kusowa chipinda. Bambo ndi mwana anayang'anana.

"Zoona zimenezi, Mans? Wamaliza nazo zonse?"

"Zatha, achimwene! Kwatsala kankhani kakang'ono ka a Naats, koma kameneko ndikathetsa ine. Batchala mnzanga angandivute?"

Mlungu womwewo kalipentala anafika ndi nyundo zake. Anachotsa bedi la m'khoma la a Mans, anagwetsa chipupa chotchinga kuti chipindacho chikule, ndipo tsiku la ukwati wa Bertus linakanenedwa kwa ansembe. A Mans anasamukira pamwamba pa khola la akavalo, pa udzu, pamene amagona antchito olembedwa. Sanadandaule. Ankati ndi za miyezi yochepa chabe.

Pamenepo anayamba ntchito yokopa mtima wa a Naats, ndipo anaigwira ndi changu chonse chimene Mulungu anawapatsa. Anaganiza motere: munthu uyu wakula, msana wake watopa, ndikamuonetsa kuti ine ndikabwera adzapumula, adzandilandira ndi manja awiri. Choncho Lamulungu lina, Misa itatha ndipo a Naats ali ku njuchi, a Mans anakonza chitseko cha khola la nkhumba chimene chinkalira. Loweruka lotsatira anabwera ndi nkhwangwa yawo nawaza nkhuni za mwezi wathunthu, kuziunjika bwino lomwe mpaka pa denga. A Naats anaima n'kuyang'ana mulu wa nkhuniwo kwa nthawi yaitali. Kenaka anabwerera ku njuchi zawo. A Mans anati mumtima, aona, asowa mawu othokozera.

Ulendo wachitatu anafika m'mamawa, anaphika mbatata za nkhumba, anazisakaniza ndi mkaka wotsala, ndipo anali kukhuthula ndowa modyeramo pamene mthunzi unatseka khomo.

"Mwadzuka bwanji, a Naats! Musavutike, nkhumbayi ndaidyetsa kale. Taonani mmene ikudyera!"

A Naats anachotsa kaliwo pakamwa, chinthu chimene anthu ambiri anali asanachione.

"Kodi abwana, pa Morsink ntchito inatha?"

"Ayi, ine ndimangofuna kuti inu mupumule."

"Ndipumule. Chabwino. Nanga bokosi langa la maliro mwakhoma kale, kapena mudzabwera nalo Loweruka likudzali?"

Pa chakudya cha masana, ana atatuluka, a Naats analankhula ndi a Leida ngati kuti a Mans palibe. "Alamu, nyumba ino ndi ya ana anu, ndipo ine sindingakuletseni kanthu. Koma munthu uyu akalowa pa khomo ilo ndi bokosi lake la zovala, ine ndituluka ndi langa. Kwa masisitere kuli malo a nkhalamba zopanda ntchito."

A Leida anawaperekeza a Mans mpaka pa njinga. Maso awo sankaseka tsiku limenelo. "Ndinakuuzani. Musabwerenso kufikira iwo atanena mawu ena."

Milungu imene inatsatira inali yowawa. Chisanu chinayamba kulowa pa mipata ya denga la khola. M'nyumba, m'chipinda chimene chinali chawo, munkamveka fungo la penti. Palibe amene akanawathamangitsa pa tebulo, zimenezo n'zoona, koma kukalamba pa udzu ngati wantchito, mudzi wonse ukudziwa kuti unalengeza ukwati usanaupeze, inali nkhani yolemera. A Herm anabwera kudzacheza kuchokera ku Enschede, atavala jekete la m'tauni, ndipo atamva zonse anawamenya pa phewa mokondwa.

"Aaa, achimwene, nkhani yake imeneyi? Tiyeni ku tauni! Mayi otisunga aja ali ndi malo. Mnzanga wa bedi anapita kukakwatira, mulowa inuyo. Bedi lofunda nthawi zonse, supu tsiku lililonse, Loweruka kanema. Kulibe ndowe, kulibe kavalo!"

"Kulibe kavalo," anabwereza a Mans ndi mawu otsika.

"Ngakhale mmodzi! Belu la fakitale likalira mwalowa, likalira mwatuluka. Moyo ndi umenewo, akulu!"

A Mans sanathe kumaliza khofi wawo.

M'mawa wina anatsika pa makwerero monga mwa masiku onse, natenga ndowa kuti amwetse akavalo. Anapeza akavalo atamwa kale. Udzu unali modyeramo, ndowe zitachotsedwa, ndipo ubweya wa kavalo wina wamkazi wofiirira unali kung'anima chifukwa chopesedwa. Bertus anali kupachika burashi pa msomali, ndipo sunali msomali wake.

"Mwadzuka, bambo aang'ono? Ndati ndiyambe kuzolowera, poti inu muli pa ulendo. Kapumuleni, lero zonse ndachita ine."

Magazi anawathamangira kumutu a Mans. "Iwe! Wakutuma ndani? Ukuyesa ine ndafa? Kavalo ameneyu umamudziwa iwe? Burashi imakhala apo?"

"Pepanitu, ine ndimati ndikuthandizeni."

"Kundithandiza! Undithandize kutuluka pa nyumba ya bambo anga, eti? Munthu ukamulanda ntchito, pa tebulo akakhala ngati ndani? Ngati mlendo? Ngati..."

Anaima pakati pa khola, ndowa yopanda kanthu ili m'manja. Kenaka anaiponya pansi, anavula chipewa, anachiyang'ana m'kati, ndipo anafuula mwakuti akavalo anadzidzimuka.

"Mayo ine! Nkhuni zija! Nkhumba ija! Bertus, mwana wa achimwene anga, ine ndine chitsiru chachikulu m'dera lonse lino!"

Anamukumbatira mnyamatayo, amene sanamvetse kanthu, nathamangira kukhitchini. A Trui anamvetsera akukanda ufa wa buledi.

"Mwaona mochedwa, alamu, koma mwaona. Inuyo, batchala wa zaka zonsezi, osadziwa chimene batchala amaopa! Tsono mukalowa bwanji, poti anakuletsani?"

Funso limenelo linali ndi yankho limodzi lokha. Mwezi wa Novembala unali utalowa, chiyambi cha nyengo yozizira kuno ndiponso nthawi yopha nkhumba. Nkhumba ikaphedwa ndi kupachikidwa pa makwerero, amuna a nyumba zoyandikana amabwera kudzaitama mafuta ake ndi kulandira katambula ka jini, mowa waukali, ndipo mawu onenedwa pamaso pa anansi pa tsiku lotere sabwezedwa. Koma mwambowo ndi wa anansi okha, ndipo a Mans anali a tsidya lina. Anapita kwa a Jannes, mnansi woyamba wa pa Bekhuis, nkhalamba ya mwendo wouma ndi lilime lonyowa, nawafotokozera zonse mosabisa.

A Jannes anaseka mpaka kutsokomola. "Ha! Munamuwazira nkhuni Naats? Bwenzi mutangomubera ng'ombe, akanakukhululukirani msanga! Koma imvani. Mwendo wangawu ukuvuta masiku ano. Palibe lamulo loletsa munthu kupita kotama nkhumba ndi ndodo yake. Lachinayi mudzakhale ndodo yanga."

Lachinayi masana, nthawi yokama ng'ombe isanakwane, a Jannes analowa pa khomo lalikulu la Bekhuis atatsamira pa phewa la a Mans, akutsimphina koposa mmene mwendo unkafunira. Nkhumba inali pa makwerero, yotumbulidwa, yoyera mbee, mafuta ake okhuthala ngati khoma. Amuna a nyumba zoyandikana anaima mozungulira, manja ali m'matumba, nsapato zawo zamatabwa zikugogoda pansi chifukwa cha kuzizira. A Naats anali pambali pa makwerero, botolo lili m'manja, nkhope yawo ikuwala monga imawalira kamodzi pa chaka. Ataona a Mans, kuwalako kunazima.

"A Jannes, ichi mwabwera nachochi n'chiyani?"

"Ndodo yanga, aneba. Isakuvuteni, siimwa zambiri."

Amuna aja anaseka, ndipo mwambo unayamba, chifukwa nkhumba siidikira mikangano ya anthu. Aliyense anayandikira, anaika zala pa mafuta kuyesa kukhuthala kwake, napukusa mutu modabwa.

"Ayi, aneba, iyi si nkhumba, ndi ng'ombe yovala chikopa cha nkhumba!"

"Makwererowa atha chaka chino, taonani mmene apindikira."

"Mwaidyetsa chiyani, a Naats? Batala? Ife kwathu ana akudya mbatata zouma, kuno nkhumba ikudya ngati ansembe pa ubatizo!"

Aliyense atanena zake, a Naats ankamuthirira katambula. A Jannes atamwa kawo anagunda a Mans ndi chigongono. "Ndodo nayonso ili ndi maso. Inene."

A Mans anayandikira. Chipewa chinali chitavulidwa kale. Anaika zala pa mafuta, ndipo dzanja lonse linakwanira, n'kutsalako malo.

"Aneba a pa Bekhuis," anayamba ndi mawu aakulu kuposa mmene anafunira, "ine sindinaonepo nkhumba yotere chibadwire, ndipo sindikunena chifukwa cha jini. Nkhumba iyi yakula ndi dzanja limodzi, la a Naats. Ine ndinaidyetsako kamodzi osatumidwa, ndipo ndikuthokoza Mulungu kuti sinafe nazo."

"Inatsegula m'mimba masiku awiri," anatero a Naats, akuyang'ana kudenga.

"Mwamva! Inatsegula m'mimba! Ndinawazanso nkhuni zosakhala zanga, ndinakonza chitseko chosakhala changa."

"Chitseko chija chinkalira dala. Ndi mmene ndinkadziwira kuti wina walowa."

"Mwamvanso! A Naats, ine ndine mnzanu. Ndadya pa tebulo la achimwene anga moyo wanga wonse chifukwa cha akavalo, ndipo sabata yathayi mwana wa achimwene anandipesera akavalowo kuti ndipumule. Ndinafuna kumuponya m'chitsime! Tsono ndikunena pamaso pa aneba onsewa, a Jannes amve, onse amve. Ndikaloledwa kulowa pa nyumba ino, nkhumba ndi za a Naats. Nkhuni ndi za a Naats. Njuchi ndi za a Naats, zindilume ndikayandikira. Ndikadzagwiranso ndowa ya nkhumba osatumidwa, aneba mudzanditengere pa ngolo mpaka pa mlatho, mukanditaye tsidya lija."

Ng'ombe imodzi inalira m'khola. Pa chitseko cha kukhitchini panaoneka a Leida, mpeni wodulira nyama uli m'manja, osasuntha.

A Naats anakoka kaliwo kawiri. "Nanga inuyo mudzachita chiyani pa nyumba pano? Kudya basi?"

"Kulima, kufesa, kukolola. Zimene munganene."

"Ngalande za kumunsi zija, zodzaza matope. Ine sindizikonda."

"Zanga!"

"Kukama kwa m'mawa nyengo yozizira."

"Kwanga!"

"Bedi la pafupi ndi chitofu silisuntha. Mpando wa kumanzere kwa chitofu ndi wanga. Nyuzipepala ndimayamba ndine, ndipo sindifuna kuipeza itapindidwa mwina."

"A Naats, musamumalize munthu," anadula a Jannes. "Musiyireniko mpweya wopuma."

"Sindinamalize, aneba." A Naats anatembenukira kwa a Mans nawayang'ana m'maso kwa nthawi yoyamba. "Pa nyumba pano palibe Morsink. Ku boma akakulembeni mmene afunira, koma pa msewu, pa msika ndi pa tchalitchi, wolowa pa khomo ili ndi Bekhuis. Agogo anga aamuna analowa chomwecho, ndipo dzina lawo lakale palibe akulikumbuka."

Zimenezi a Mans ankazidziwa, monga aliyense amadziwa kuti mkamwini amatenga dzina la nyumba. Koma kuzidziwa ndi kwina, kuzimva zikunenedwa pa iwe mwini ndi kwina. Anakumbukira bambo awo, anakumbukira mitengo ya pa bwalo la kwawo. Anayang'ana ku chitseko cha kukhitchini. Maso a a Leida anali atayambanso kuseka.

"Bekhuis," anatero a Mans. Anayesanso mokweza, ngati munthu woyesa nsapato zatsopano. "Mans wa pa Bekhuis! Aneba, likumveka bwanji?"

"Likumveka ngati la munthu wa ludzu," anayankha a Jannes.

A Naats anatenga katambula, anakapukuta ndi chala, anathira jini mpaka kusefukira, nakapereka kwa a Mans. Phokoso limene linabuka pamenepo linamveka mpaka ku msewu. Amuna anaponda pansi ndi nsapato zamatabwa, a Jannes anaiwala mwendo wouma navina mozungulira makwerero, ndipo a Mans anamwa, anatsamwa, analira misozi, nafuna kukumbatira a Naats.

"Basi, basi, chokani apa! Mukundithimitsira kaliwo!"

"Mukamaliza kukuwa," anatero a Leida ali pa chitseko, "wina andinyamulire mphika wa soseji. A Naats, ndiwatume a Bekhuis atsopanowa, kapena imeneyinso ndi ntchito yanu?"

A Naats analingalira mofatsa. "Mphika angathe kunyamula. Koma asalawe."

Nyengo yozizira imeneyo a Mans anaimaliza pa udzu pamwamba pa akavalo, koma anthu odutsa pa msewu ankawamva akuimba m'mawa uliwonse. Anaphunzitsa Bertus za kavalo aliyense, uyu amaopa chiyani, uyu amakonda kukandidwa pati, ndipo anamulola kusankha msomali wake wa burashi. A Herm anapeza mnzawo wina wa bedi.

Pasaka itapita, Lachiwiri lina la dzuwa, ansembe anawadalitsa. Madzulo ake dzuwa lisanalowe, bokosi la a Mans linakwezedwa pa ngolo yokongoletsedwa ndi nthambi zobiriwira ndi maluwa a mapepala, monga amachitira ndi katundu wa mkwatibwi. A Dieks anamangirira kumbuyo kwake kavalo wamng'ono wamkazi, gawo la mng'ono wawo pochoka pa nyumba. A Trui analira, kenaka anakalipira aliyense amene anawaona akulira. Pa mlatho anyamata a tsidya lija anatchinga msewu ndi chingwe, ndipo sanachichotse mpaka botolo litazungulira. A Mans anakhala pamwamba pa bokosi lawo, akuweyulira chipewa anthu, ng'ombe, ngakhale mitengo.

Pa Bekhuis anapeza zitseko zonse ziwiri za khomo lalikulu zili zotsegula, ndipo a Naats anali atazula okha mtengo wa pakati pa khomolo kuti ngolo ilowe mpaka m'kati. Anavala kolala yoyera imene inkawakanda m'khosi. Anagwira bokosi mbali imodzi, a Mans mbali ina.

"Mwaikamo chiyani umu, miyala ya pa Morsink?"

"Malaya okha, alamu, ndi malamba a kavalo."

"Ndani wakuuzani kuti muziti alamu?"

"Nanga ndizikuitanani chiyani?"

A Naats anaganiza, bokosi lili m'manja. "Chabwino, alamu omwewo. Kwezani mbali yanuyo, mukundipweteka msana. Ndipo kavalo wanuyo mukamuike kumanja, kutali ndi nkhumba zanga. Sizikonda alendo."